Chingwe cha Magazi a Achimwene

Achimwene anga ndi osoka nsapato, koma mukawafunsa za ntchito amayamba kukuuzani za karate. Anayamba kuphunzira imvi zitayamba kale kusuzumira, ndipo ankafuna chinthu chimodzi basi: lamba wakuda.

Mphunzitsi wawo, amene tonse tinkangoti Asensei, atawauza kuti nkhonya zawo n'zofewa, achimwene anadzipangira thabwa lomenyapo kuseri kwa nyumba. Analipala masabata awiri kuti kunsi likhale lochindikala, kumwamba lopyapyala. Anakumba dzenje lolekeza m'chiuno, n'kulitsekereza thabwalo ndi njerwa ziwiri. Kumutu kwake anaikako chidutswa cha tayala n'kukulunga ndi chingwe cha khonje.

"Bwanji osangomenya khoma?" ndinawaseka.

"Iwe, khoma silimva. Thabwa limayenera kugonja pang'ono, kenako likubwezere. Ukalilimbitsa kwambiri umadziswa wekha dzanja."

Zaka zitatu, m'mawa uliwonse, phu, phu, phu. Chingwe chija chinada bii ndi magazi awo. Mfundo za zala zinatupa n'kuuma, mpaka kulowetsa ulusi pasingano kunayamba kuwakanika. Ndinkawalowetsera ndine, uku ndikuwanyogodola.

Mayeso a lamba wakuda atayandikira, Asensei anabwera kunyumba. Analimenya kamodzi thabwalo, n'kumalizungulira ngati munthu wofuna kugula ng'ombe.

"Tibwerekeni, mkulu woyesa akalione kuholo. Dzina lanu ndalemba kale."

Achimwene analizula okha, n'kulisenza okha mpaka kuholo komwe ankaphunzirira karateko, mano onse panja.

Tsiku la mayeso ndinapita nawo, nditawasitira yunifolomu. Mkulu woyesa anaima pathabwa paja, anagwira chingwe chakudacho, n'kufunsa kuti mwini wake ndani.

"Ndi langa," anatero Asensei, osaphethira n'komwe. "Ndinalipala ndekha. Magaziwo ndi anga."

Apo n'kuti manja awo osalalawo atawabisa kumbuyo. Ndinafuna kukuwa, koma achimwene ananditsina pamkono, poti muholo muja wophunzira satsutsa mphunzitsi, amangowerama. Iwo anawerama.

Kenako anaitana mayina a oyesedwa, asanu ndi awiri. La achimwene munalibe. Ndinadziwa chifukwa chake pompo: manja otupa a achimwene aja akanati aonekere pamaso pa mkulu uja, bodza likanayaluka. Asensei anangodutsa n'kuwanong'oneza kuti, "Mwakula, bambo. Tione chaka chamawa."

Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Munthu kumugwadira zaka zitatu, iye n'kukulanda ndi magazi omwe!

Thabwa lija silinabwerere, ndipo achimwene kuholo sanapondekonso. Dzenje lidakalipo kuseri, amandikaniza kulikwirira. Zala nazo sizinafewe. M'mawa uliwonse, nthawi ija tinkamva phu, phu, amakhala pabenchi nsapato ili pamwendo, n'kundipatsa singano ndi ulusi osandiyang'ana kumaso.