Mmene amalume anazulira mawaya a Mvuu

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga a Twaibu anabwera kuchokera ku Joni. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo tinkakhala ku Ngala, chakumtunda pang'ono, pamene mchenga umathera n'kuyamba minda ya chinangwa.

Pakhomo pathu panali galimoto yakalekale imene anthu ankaitcha Mvuu. Inali yotuwa, yonenepa kutsogolo, ndipo akamailiza m'mawa inkapumira m'mwamba ngati ikutuluka m'madzi. Agogo aamuna, bambo awo a mayi, anaigula kwa mmwenye wina wa sitolo ku Boma mayi akadali kamtsikana. Agogo atamwalira inatsala pakhomopo, ndipo woyendetsa anali bambo anga. Inkanyamula usipa wouma ndi matumba a mpunga kupita ku Dwangwa. Inkanyamulanso odwala, akwati ndi anamfedwa a mudzi wonse. Mipando yake inali yachikopa chong'aluka, chiwongolero chachikulu ngati lichero, ndipo mkati mwake munkamveka fungo la usipa losakanikirana ndi la petulo.

Vuto la Mvuu linali mawaya. Anali okutidwa ndi nsalu, osati pulasitiki ngati a masiku ano, ndipo nsaluyo inali itayamba kuyoyoka. Makoswe nawonso anali atalawako. Nyali ya kumanzere inkazima pa bampu n'kukayakanso pa bampu ina. Hutala inkalira ikafuna yokha. Loweruka lililonse bambo ankatsegula boneti, kufufuza waya amene wasupuka, kudula pamene pawola, kulumikiza kachidutswa katsopano n'kukulunga tepi yakuda. Sankabisa kuti kumeneku kunali kuzigamba chabe. Ankanena kuti adzaitengera ku galaja ku Dwangwa kuti akasinthe mawaya onse, koma mayi achire kaye.

Mayi anali oyembekezera, ndipo anali atatopa ndithu. Ku sikelo anali atawachenjeza kuti asadzayerekeze kuchilira kunyumba, chifukwa pa mimba yapitayo anataya magazi ambiri. N'chifukwa chake masiku amenewo bambo sankalola kuti mafuta athe m'galimotomo, ndipo sankapita nayo kutali.

Amalume anafika ndi nsapato zosongoka, magalasi akuda ndi mafuta onunkhira amene ankatsala m'chipinda iwo atatuluka kalekale. Ankati ku Joni ankagwira ntchito pa galaja yaikulu kuposa msika wa ku Dwangwa. Chilichonse cha kwathu chinkawaseketsa: chitsime, msewu, ngakhale mpunga umene ankaudya mbale ziwiriziwiri. M'chikwama chawo munali mpukutu wa mawaya atsopano amitundumitundu, ofiira, achikasu, obiriwira, ndipo ankawayala pamkeka kuti aliyense wobwera kudzawalonjera awaone.

Nkhani inayambika Lachisanu, amuna atangobwera kuchokera ku mzikiti. Amalume anatsegula boneti ya Mvuu, n'kukoka waya mmodzi ndi zala ziwiri ngati akutola khoswe wakufa.

"Alamu, ichi si galimoto," anatero. "Ndi ng'anjo. Chikungodikira tsiku loti chiyake inu muli momwemo."

"Mukunena zoona, alamu, mawaya atha," anayankha bambo. "Koma tidikire mlongo wanu achire. Panopa tizingokonza pamene pavuta."

"Kuzigamba kumeneko ndi kumene kwakutsalitsani kuno. Kumene ndachokera ine sitizigamba. Timachotsa zonse n'kuika zatsopano. Imeneyi ndi ntchito yoyamba m'mawa, madzulo tayenda."

Mayi anali pakhonde akusankha mpunga. Analankhula osakweza mutu. "Achimwene, masiku anga ayandikira. Isiyeni momwemo."

"Iwe za magalimoto uzidziwira kuti?" anatero amalume. Kenako anatembenukira kwa bambo, n'kunena mawu amene anathetsa mkangano. "Komanso tisaiwale kuti galimotoyi ndi ya bambo anga."

Bambo anali mkamwini pamudzipo. Anayang'ana pansi, n'kuyamba kupukuta manja ndi kansanza ngakhale kuti m'manjamo munalibe kanthu. Amuna amene anali pamenepo, omwe aja amene Mvuu inkawanyamula ulere akadwalitsa, anayamba kugwedeza mitu kuvomereza amalume. Mmodzi anati iye anali ataona kale kuti mawaya amenewa ndi oopsa, kungoti sankafuna kulankhula. Munthu ameneyo ngakhale tcheni cha njinga sankatha kubwezeretsa.

M'mawa mwake amalume anavala ovololo yatsopano imene mizere yopindira inali ikuonekabe. Anaika wailesi padenga la galimoto, ndipo anthu anasonkhana ngati kwabwera kanema. Bambo anayesanso kamodzi.

"Bwanji tizichotsa waya mmodzi, kuika watsopano pomwepo, kenako wina? Tingadzasokoneze njira zake."

Amalume anadzigogoda pamphumi ndi chala. "Njira zonse zili muno, alamu. Inu khalani pamthunzi."

Kunena zoona, kuzula ankakutha. Ankadula, kukoka, kuponya kumbuyo osacheuka. Analowa pansi pa chiwongolero miyendo ili kunja, nsapato zosongoka zija zikuloza kumwamba, n'kumatulutsa mawaya ngati munthu wotumbula nsomba. Dzuwa lisanafike pamutu, pambali pa Mvuu panali mulu wooneka ngati ukonde wong'ambika. Tepi yakuda ya bambo inkaoneka apa ndi apo pamuluwo, ndipo amalume ankainyamula m'mwamba kuti anthu aseke. Anthu ankasekadi. Anyamata a m'mudzi anapempha mawaya akalewo, amalume n'kuwauza kuti atenge onse, ndi zinyalala. Pofika madzulo anyamatawo anali atamangira timagalimoto tawo tamawaya, ndipo timagalimototo tinkathamanga m'mudzi monse. Mwa magalimoto onse a pamudzipo, Mvuu yokha ndi imene sinkayenda.

Kuika atsopano kunali nkhani ina. Tsiku loyamba amalume ankaimba mluzu. Tsiku lotsatira mluzu unatha. Ankaima nthawi yaitali atagwira waya wofiira, kuyang'ana uku ndi uku mu injini ngati mlendo amene wasochera pamphambano. Oonerera aja anayamba kuchepa. Atanena kuti amaliza, analowa n'kupotoza kiyi. Sipanamveke kanthu. Anasinthanitsa mawaya awiri, n'kupotozanso. Ulendo uno panathetheka moto pa batire, pansi pa chiwongolero panatuluka utsi woyera, ndipo fungo la pulasitiki wopserera linadzaza bwalo. Amalume anatuluka m'galimotomo mwaliwiro limene sindinkadziwa kuti ali nalo.

Kuyambira pamenepo olakwa anachuluka. Batire linali lofooka. Azungu akale ankapanga magalimoto mobwerera m'mbuyo. Mphepo ya kunyanja inali itadya zitsulo. Zigamba za bambo zinali zitaizoloweretsa galimotoyo zinthu zolakwika. Tsiku lina anafika ponena kuti pamudzipo pali ansanje amene sakufuna kuti ntchito yawo ioneke. Pomaliza anati pakufunika kachipangizo kena kamene kamapezeka ku Lilongwe kokha, ndipo anavala magalasi awo n'kunyamuka. Anthu ochokera ku Boma ankatiuza kuti akuwaona kumeneko, pansi pa mtengo wa mango, akusewera bawo.

Bambo anayesa kutolera mawaya akale kwa anyamata aja, koma anali atadulidwadulidwa. Ankakhala pa boneti mpaka dzuwa kupendeka, kulumikiza apa, kumasula apo. Zigamba zawo ankazidziwa chimodzichimodzi, koma ankazidziwa potsatira mawaya amene analipo. Tsopano panalibe chotsatira.

Matenda a mayi anayamba masana, tsiku lotentha kwambiri, utsi wa nzimbe zowotchedwa uli tolo chakumpoto. Ankatembenuza makaka a chinangwa pathandala, ndipo ndinangoona agwira mzati n'kuwerama. Anandituma kukaitana bambo kunyanja, kumene ankagula usipa. Ndinathamanga mchenga ukundiwotcha kumapazi. Titafika, bambo sanalowe m'nyumba. Analunjika ku Mvuu, kukhala pampando n'kupotoza kiyi. Ankadziwa bwinobwino kuti siilira. Anapotozabe, kenako anatsamiritsa mutu pachiwongolero kwa kanthawi, n'kutuluka kukabwereka ngolo.

Ng'ombe zinali kubusa, ndipo panapita nthawi kuti azipeze ndi kuzimanga. Tinawagoneka mayi pamphasa m'ngolomo. Tinatsagana ndi a Abiti Saidi, mayi achikulire oyandikana nafe nyumba, ndi amayi ena awiri. Ine ndinagoneka mutu wa mayi pamiyendo panga. Ngolo ikagunda muzu ankandifinya dzanja mpaka zala kuchita dzanzi, koma sanalire. Titafika pamsewu wa tala panalibe galimoto, ndipo mwana sanafune kudikira. Amayi aja anawatsitsira pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu n'kutchinga ndi zitenje. Ine anandipatsa nsonga ya chitenje chimodzi kuti ndigwire, n'kundiuza kuti ndiyang'ane kumbali. Ndinamva mwana akulira, ndipo ndinaganiza kuti zatha. Koma a Abiti Saidi anayamba kulankhula motsitsa ndi mofulumira, ndipo nditayang'ana pansi ndinaona dothi lapafupi ndi mapazi anga likuda ndi magazi.

Bambo anaima pakati pa msewu manja ali m'mwamba. Lole yonyamula nzimbe ndi imene inaima. Woyendetsa wake, munthu wolankhula Chitumbuka amene sitinamuonenso, anawatengera mayi ndi mwana kutsogolo n'kuthamangira nawo kuchipatala. Mayi anakhalitsa kumeneko, ndipo anawaika magazi. Anabwerako atayezuka, akuyenda mogwira khoma. Mphamvu zawo zakale sizinabwererenso zonse. Mwanayo anali wamwamuna, ndipo anakhala moyo.

Chifukwa cha kudwala kwa mayi, phwando la mwana linachedwa. Tsiku lake bambo anapha mbuzi, kunaphikidwa mpunga, ndipo ashehe anabwera kudzapempherera khandalo. Amalume nawonso anatulukira, opanda kachipangizo ka ku Lilongwe kaja. Anakhala pamkeka wa amuna, pamalo abwino, n'kulandira mbale yodzaza. Mvuu inali poteropo, boneti ili yasa, mawaya amitundumitundu akulendewera ngati zokongoletsera ukwati.

Wina atatchula za mmene mayi anavutikira pamsewu, amalume anameza nyama, n'kuloza galimotoyo ndi fupa.

"Muzithokoza kuti ndinachotsa mawaya aja," anatero. "Mukanakwera momwemo tsiku limenelo, ndi kutentha kuja, bwenzi pano tikulira anthu atatu."

Amuna aja anagwedezanso mitu. Bambo anangoyang'ana m'mbale mwawo.

Mayi anali m'nyumba, pafupi ndi khomo, akuyamwitsa. Anandiitana ndi mawu wamba, koma omveka mpaka pamkeka.

"Zainabu, kachotse mbale ya amalume ako. Akhuta."

Kwathu mwana wamkazi sayandikira mkeka wa amuna akudya pokhapokha atabweretsa madzi. Ndinapita, kugwada monga mwa mwambo, n'kugwira mbaleyo. Dzanja la amalume linali likadali mumpunga. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana kukhomo kumene kunali mlongo wawo, kenako kwa amuna anzawo kuti wina awalankhulire. Ashehe anapitiriza kudya ngati sakuona. Ndinakoka mbaleyo pang'onopang'ono, mpunga wina n'kutayikira pa thalauza lawo, ndipo ndinapita nayo kuseri kwa nyumba kumene ana ankadyera. M'mawa mwake amalume anali atapita.

Mvuu sinayendenso. Makaniko wa ku Dwangwa anabwera kudzaiona, n'kunena kuti n'zotheka, koma popanda mawaya akale owatsatira ndi ntchito yaitali yoti galimotoyo ikakhale ku galaja. Bambo ankati tidzaipititsa zinthu zikakhala bwino. Koma popanda galimoto malonda a usipa anatsika, ndipo zinthu sizinakhale bwino. Kwa zaka zingapo tinkayanika makaka padenga pake, mpaka anabwera anthu ogula zitsulo n'kuiphwasula.

Ndinakula ndili ndi mkwiyo ndi bambo chifukwa chongoyang'ana pansi tsiku la mkangano lija. Mkwiyo umenewo unatha nditakwatiwa n'kuona ndekha mmene mawu amalemerera pakamwa ukakhala pamudzi pa eni. Koma amalume sindinawakhululukire mpaka pamene anamwalira, ndipo sindikuona chifukwa chonamizira pano.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti ankanena zoona. Mawaya aja anali atawoladi, ndipo akanatha kuyaka tsiku lililonse. Koma zimenezo bambo ankazidziwa, mayi ankazidziwa, ngakhale makoswe ankazidziwa. Kuona chowola sikufuna nzeru, ndipo kuchizula sikufuna luso. Bambo ndi tepi yawo yakuda ankadziwa chinthu chimodzi chimene amalume sanachiganizireko, chakuti pakhomopo panali munthu amene akanafuna galimotoyo sabata yomweyo.

Anthu ngati amalume ndakumana nawo ambiri: kuntchito, m'makomiti a sukulu, ngakhale m'mabanja a anzanga. Amafika atanunkhira, kuseka zigamba za amene akhala akusunga zinthu, n'kunena kuti tichotse zonse tiyambe zatsopano. Nthawi zina kusintha kumafunikadi, ndipo sindikana. Ndimangowafunsa kuti pakati pa kuzula ndi kumaliza anthu aziyendera chiyani, ndiponso ngati iwo adzakhale ali pomwepo zikakanika. Wodziwa ntchito amayankha mosavuta. Winayo amayamba kundiuza za kumene wachokera, ndipo ameneyo sindimulola kukhudza kanthu.