Utoto Wofiira wa Azakhali a Iwa

Azakhali anga a Iwa anakwatiwa ku Yachi, m'banja lonyika nsalu, akadali mtsikana. Apongozi awo ndiwo anawaphunzitsa ntchito ya beni, duwa laminga lija tinkathyola m'mamawa mame asanaume. Maluwawo ankawasinja n'kuwaumba timikate, kenaka m'nyengo yachisanu n'kuwaviika m'madzi ozizira kuti atulutse utoto wofiira. Zala za azakhali zinkakhala zong'ambika chaka chonse.

Masiku amenewo mkazi aliyense ankafuna silika wofiira wa beni mkati mwa mkanjo wake wa kimono, woti aziwonekera pang'ono m'mikono akamayenda. Boma likaletsa zovala zodzionetsera, akazi ankavala zotuwa pamwamba, chofiira n'kubisa mkati. Ntchito sinkasowa. Amuna a azakhali, a Gonsuke, ankakonda kunena kuti, "Bola akazi azibadwa, ife njala sitidzaidziwa."

Kenaka kunabwera utoto wa m'zitini wochokera kunja, wotchipa, woti ngakhale mwana anyika nawo. Akazi a m'tauni anasiya kubisa. Anayamba kuvala poyera zofiira zothobwa m'maso, ena mpaka madiresi achizungu. Amalonda a ku Kyoto analeka kutifunsa za beni.

A Gonsuke anazula maluwa onse n'kubzala mabulosi odyetsa mbozi za silika, koma sizinawayendere. Anapita ku Hokkaido kukagwira ntchito ya usodzi, osabwereranso. Mwana wawo wamkazi mmodzi yekhayo, Sute, anakalowa ntchito kufakitale ya ulusi kutali.

Azakhali sanasiye. Anabzalanso beni pakamunda kuseri kwa nyumba, ndipo chaka china ndinawaperekeza ku Yamagata kukagulitsa nsalu imene ananyika. Mkazi wa mwini sitolo anaitambasula, n'kuisisita.

"Ndi yabwino, mayi, sindikukana. Koma ikuoneka ngati yachapidwa kale."

"Beni ndi mmene amakhalira. Sayabwa pakhungu, amafunditsa thupi."

"Atsikana a lero safuna kufundidwa, mayi. Akufuna kuonedwa."

Tinabwerera nayo. Njira yonse azakhali ankangokamba za mitengo ya mabulosi, kuti yakula moipa.

Pa Chaka Chatsopano Sute anabwera kudzacheza, m'khosi mwa kimono yake muli kansalu kofiira ka utoto wa m'zitini uja. Azakhali anakaona Sute asanavule n'komwe nsapato.

"Chotsa chimenecho usanalowe m'nyumba mwanga."

"Amayi, ndagula ndi thukuta langa. Inu mwanyika nsalu moyo wanu wonse, ine ndavalapo iti?"

Azakhali anamupakulira mpunga. Anadya onse pamodzi, ndipo Sute anabwerera tchuthi chisanathe. Chaka chotsatira fakitale inamubweza akutsokomola magazi. Azakhali anamusamalira mpaka nthawi yowokera mpunga, pamene Sute anamwalira.

Zitatero azakhali anagulitsa migolo yawo yonyikiramo kwa munthu wina wosunga ndiwo mumchere, n'kudzakhala kwathu. Ankasoka matumba a makala, maso akuchita chidima. Mwana wanga wamkazi atatsala pang'ono kukwatiwa, ndinawapempha kuti amunyikire kansalu kamodzi kokha, mbewu za beni ndikafuna ndine.

"Usamuchititse manyazi mwanayo kwa apongozi," anatero. "Kamugulire za m'sitolo."

Ndinakagula. Azakhali anamwalira chisanu cha chaka chomwecho, ndipo kamunda kawo kaja eni atsopano anamangapo khola la nkhuku.