Mawu Atatu a Njiwa

Kochapira zovala kumene amagwira ntchito, anzake amamutcha Namaliro. Dzinali analipata ali mtsikana, masiku amene ankaimba m'bandi ya achimwene ake. Nyimbo zawo zinali za emo, zija za magitala aukali, zimene woimba amayamba monong'ona kenako n'kukuwa zonse zomupweteka mumtima. Iye ankavala zakuda zokhazokha, tsitsi litaphimba diso limodzi, ndipo akakuwa, achinyamata a kutsogolo ankalira naye limodzi. Mayi ake ankangoti, "Mwana iwe, wamwaliranso ndani?"

Ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi, pakhosi panatuluka chotupa. Madokotala anachichotsa bwinobwino, koma mawu anabwerera osasa, ang'onoang'ono.

"Kulankhula muzilankhula," anatero dokotala, "koma zokuwa zija muiwale."

Bandi inapeza woimba wina. Achimwene ake anabwera okha kudzamuuza, maso ali pansi. Iye sanawakwiyire. Anangowapempha kiyibodi yakale imene inkatuwa ndi fumbi pamwamba pa kabati.

Ntchito yake inali yoyanika ndi kusita. Kuseri kwa nyumba yochapiramo kunali zingwe zisanu ndi ziwiri ndi mtengo umodzi waukulu. Tsiku lina akuyanika nsalu zoyala pabedi, anamva njiwa ikulira mumtengomo: mawu atatu, kupuma, mawu atatu omwewo. Madzi a m'nsalu ankadontha m'beseni pang'onopang'ono. Anaima chilili, chopanira zovala chili pakamwa. Njiwayo sinkakuwa ayi, koma iye anangozindikira misozi ikulengeza.

Kuyambira pamenepo, nthawi yopuma masana ankajambula pafoni mvula ya pamalata, mphepo ya m'masamba, achule a m'ngalande. Akaweruka ankakhala pabedi, kiyibodi ili pamiyendo, kufufuza mawu a njiwa aja. Atawapeza anawabwereza, n'kubwerezanso, kumangosintha limodzi pakapita nthawi, monga imachitira mvula ikamakata. Anadzamva pambuyo pake kuti kuli ena amene amapeka nyimbo choncho, koma iye anali atayamba kale.

Itatha miyezi isanu anakawaimbira achimwene ake kunyumba kwawo. Iwo anamvetsera mphindi zingapo, akugwedeza phazi.

"Mlongo, nyimboyi iyamba liti?"

"Yayamba kalekale, achimwene."

"Ine ndimayesa ukuona ngati kiyibodi ikugwira!"

Alamu ake anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Zinamuwawa Namaliro, osati pang'ono. Koma atabwerera kunyumba kwake sanawonjezere kanthu m'nyimboyo. M'malo mwake anachotsamo timawu tiwiri timene anaikamo pofuna kusangalatsa anthu.

Anaitumiza kwa eni maholo atatu. Awiri sanayankhe n'komwe. Wachitatu anati anthu ake amabwera kudzavina, osati kudzawodzera. Ndiye anapita kwa abwana ake.

"Bwana, Lamlungu masana zingwe zimakhala zopanda kanthu. Mundibwereke bwaloli."

"Udzakuwa?"

"Ndi khosi lake liti?"

Abwanawo anaseka, n'kumupatsa kiyi.

Anasesa yekha bwalolo, n'kuvundikira ndowa kuti zikhale mipando. Kunabwera anthu khumi ndi asanu ndi anayi. Anaika kiyibodi pamiyendo, n'kuyamba. Awiri ananyamuka nyimbo ili pakati; iye sanadzutse mutu. Enawo anayamba ndi kutsokomola ndi kuyang'ana mafoni, kenako bwalo lonse linangoti zii. Anaimba mphindi makumi awiri osatsegula pakamwa.

Atamaliza, m'manja munaombedwa mochedwa, ngati anthu akuopa kudzutsa khanda. Mayi wina wachikulire, amene amayendetsa makina ochapira, anatsalira kumuthandiza kusanja ndowa.

"Bambo a kunyumba chidwalireni sapeza tulo," anatero mayiyo. "Wailesi imawasokosa. Koma iyi mwina angaimve. Mungandiikire pafoni?"

Anawaikira pomwepo. Lachitatu mayiwo anabwera kuntchito nkhope ili yowala, n'kumuuza kuti bambowo akufunsa ngati ilipo ina yotalikirapo.

Pano Namaliro akupeka ina, ya mphepo ya m'nyengo yozizira. Yamuvuta, chifukwa mphepo siibwereza mofanana kawiri. Waifufuta kanayi. Lachisanu lapitali ataweruka, anavula yunifomu, n'kusamba m'manja, n'kuiyambanso.