Ndinayeza Pilo wa Otilia pa Sikelo

Anzanga, ndisanafotokoze, tiyambe tagwirizana zinthu zitatu. Choyamba, sindimwa mowa, ndiye musati ndinachita izi nditaledzera. Chachiwiri, ndinapita ku koleji, ndipo za mankhwala a asing'anga ndinkati sindizikhulupirira. Chachitatu, za sutikesi yanga musaseke. Anaseka kale ambiri, ndatopa nazo.

Ndine Gideon, kwathu ndi kwa Katunga. Ntchito yanga ndi yoyendera masikelo m'misika ya thonje, kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje. Chaka chino cha 1986 ndi cha khumi ndi chimodzi ndikugona m'maresitihausi.

Amene anagonamo akudziwa: kutentha, udzudzu, nsikidzi, chitseko chopanda loko. Ndiye ine ndimayenda ndi zanga. Neti, mashiti awiri, pilo, loko, chitenje chotchinga pawindo, patapata za kubafa, kapu, masamba a tiyi m'kachitini, kawayilesi, ndi khadi la chipani m'thumba lam'kati. Mndandanda wake ndinamata pa chivundikiro. Ndimawerenga ponyamuka, ndimawerenganso pofika.

Tsiku lina neti inang'ambika ndili pa Chiromo. Anandilozera telala wina pakhonde la golosale. Anali mtsikana, dzina lake Otilia. Golosaleyo inali ya mlongo wake, a Francisco.

Nditatsegula sutikesi anasuzumira.

"Bambo, mukusamuka?"

"Ayi, ndi masiku atatu okha."

"Nanga mbuzi mwasiyira ndani?"

Pakhonde ponse kuseka. Ine thukuta kamukamu... koma anasoka bwino kwambiri, moti ndinalephera kupeza pamene panang'ambika. Ulendo wotsatira ndinabwera ndi shiti lothetheka m'mphepete. Wotsatirawo ndinadula ndekha batani la malaya.

"A sikelo," anatero, "batani ili ladulidwa ndi lezala. Ngati mukufuna kundiona, muzingobwera."

Tinayamba choncho. Miyezi isanu ndi inayi, anzanga! Ndinkatsika sitima, iye akundidikira ndi nsomba yootcha. Ndinkamudandaulira za nsikidzi za kuno ndi za uko, iye akupalasa makina, akumvetsera. A Francisco anayamba kunditcha alamu. Kwathu ndinali nditawauza kale amalume kuti akonzeke.

Mwezi wa Julayi anandipempha pilo wanga.

"Wakalamba uyu. Msiyeni, ndimusokere nsalu yatsopano."

Ndinavutika mumtima, chifukwa chinthu cha pamndandanda sindisiyira munthu. Koma ndinamusiyira. Ulendo wotsatira pilo ndinamupeza ali wokongola, wa timaluwa m'makona.

M'mawa mwake ku Nsanje, ndikulongedza, ndinamva kanthu kakuti tswatswa m'kati mwa pilo. Ndinafinya. Panali kampukutu pakona, kosokedwa kolimba.

Katundu wanga ndimadziwa kulemera kwake, chinthu chilichonse pachokha. Ndinatulutsa sikelo yaing'ono ya kuntchito. Pilo anali atawonjezera magalamu makumi asanu ndi limodzi.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kuuza Anderson, dalaivala wathu.

"Bwana, mwatha inu! Kondaine ameneyo. Mukagonera katatu, mudzayamba kuchapa madiresi."

Ankangocheza, ndikudziwa tsopano. Koma ine mutu unayamba kuwerengera. N'chifukwa chiyani ndimamuganiza nthawi zonse? N'chifukwa chiyani ndinadula batani, munthu wa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi? Sabata yonse pilo ndinamuika m'pepala lapulasitiki, ine kutsamira jekete.

Ndikanatha kumufunsa patokha. Ayi. Ndinafika pakhonde paja masana a Loweruka, pali amayi anayi oyembekeza zovala zawo, a Francisco ali pakhomo.

"Otilia, waikamo chiyani umu?"

Anandiyang'ana, akumwetulirabe. "Mwachipeza?"

"Ndikufunsa. Waikamo chiyani? Ukufuna kundipeperetsa?"

Makina anaima. Mayi wina anagwira pakamwa.

"Alamu, tiyeni m'nyumba," anatero a Francisco.

"Nkhabe, achimwene," Otilia anakana m'Chisena chakwawo. "Afunsira pano, aonere pano."

Anandipatsa sizasi yake. Ndinadula ndekha. Munatuluka kathumba ka nsalu yopyapyala, ndipo nditang'amba, masamba ouma anakhuthukira pasimenti. Mayi uja anatola, nanunkhiza.

"Aa! Si nimu uyu? Ndi mpungabwi. Ife timaika m'mphasa kuthamangitsa tizilombo. A bwana sadziwa nimu?"

Mtengo wake unali pomwepo, anzanga, tonse tinali pamthunzi wake.

Otilia sanalire. Anatenga pilo, anasoka pamene ndinadula, mwaudongo monga mwa masiku onse, nandipatsa ndi manja awiri.

"Miyezi yonseyi mwakhala mukundilirira za nsikidzi. Ndinati mugone bwino kamodzi, mudabwe nokha. Takhuta, zikomo bambo. Ndadziwa mmene mumandionera." Kenaka anatembenukira kwa mayi wina. "Bweretsani diresi lija, mayi."

Papita miyezi itatu. Makalata awiri ndinatumiza, onse anabwerera osatsegulidwa. Amalume akundifunsa tsiku lokaonekera kwa makolo ake, ine ndimangoti ntchito yachuluka.

Zaka zonsezi ntchito yanga yakhala yokayikira: kufika pamsika, kuganiza kuti wina wabera, kufufuza mpaka kupeza. Sindinadziwe kuti munthu amene amakukonda sumuchita choncho. Umamufunsa mofatsa, muli awiri, ndipo akayankha umamukhulupirira.

Tsopano kalata yafika kuofesi, andisamutsira ku Chitipa kumapeto kwa mwezi uno. Wanditsalira ulendo umodzi wokha wa ku Nsanje, pa 26. Kupepesa ndalemba kasanu pa pepala, konse kukumveka ngati lipoti.

Ndiye ndithandizeni, makamaka inu amayi amene munanyozedwapo pagulu. Nditsike, ndikapepese pakhonde pomwepo anthu akumva? Kapena ndidzere kwa a Francisco? Kapena ndimusiye mwana wa eni apume?

Chonde yankhani msanga, anzanga. Sitima pa Chiromo siima nthawi yaitali, ndipo ine ndikadziwa ndekha, ndidzakhala ndikuganizabe iyo ikunyamuka.