Masipeya a Pikapu ya Adada

Titamaliza maphunziro a uphunzitsi, anatiuza kuti aliyense alembe komwe akufuna kukagwira ntchito. Anzanga ambiri analemba kufupi ndi kwawo. Ine ndinalemba Blantyre, osafunsa munthu. Kunali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ndinali nditatopa ndi mvula yamawawa ya ku Mzuzu. Komanso, kunena chilungamo, ndinali nditatopa ndi pikapu ya adada.

Adada anagwira ukalaliki pa esiteti ina kwa zaka zambiri, ndipo popuma anagula pikapu yakale yomwe esitetiyo inkafuna kutaya. Inafika kwathu ku Luwinga ikukokedwa ndi thirakitala. Anaikweza pa njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo Loweruka lililonse kunkabwera anzawo awiri: a Nyirenda, okonza mawotchi kumsika, ndi Che Saidi a ku Mangochi, omwe anali ndi golosale komanso pikapu yawo yokalamba koma yoyenda. Mwa atatuwa panalibe makaniko. Ankangoikonda ntchitoyo basi. Ankamasula, kutsuka, kumanganso, uku akukangana m'zilankhulo zitatu, amama n'kumawapititsira tiyi. Ine yanga inali kuchapa maovolosi, ndipo zikhadabo zanga sizinkayera.

Nditaulula za Blantyre, amama analira. Adada ndinkati akwiya, koma nkhope yawo inawala.

"Ku Blantyre? Ndiye kuti Ndirande ili pafupi," anatero. "Kumeneko kulibe chitsulo chosowa."

Ndinapeza kachipinda ka lendi ku Chilomoni, kufupi ndi sukulu ya pulayimale yomwe ananditumiza. Ana sanachedwe kundipatsa dzina. Ndinkati ndikalandira choko n'kunena kuti yewo m'malo mwa zikomo, kalasi yonse inkafa nacho chiseko, ndipo pofika mwezi wachiwiri ndinali Madamu Yewo. Masana zinkayenda. Chovuta chinali Lamulungu ndikaweruka kutchalitchi. Ndinkaphika kampunga ka munthu mmodzi, kudya nditakhala pabedi, n'kumamvetsera anthu a nyumba ina akuseka nkhani zomwe sindinkazidziwa. Malipiro nawo anali ochepa. Ndikalipira lendi, kugula ufa ndi makala, n'kutumiza kangachepe kwa amama, zotsalazo zinkangokwana sopo ndi masitampa.

Kalata yoyamba yochokera kwathu ndinaitsegula nditangoilandira. Ndimaikumbukira yonse chifukwa inali yaifupi. Adada analemba kuti onse ali bwino, mvula ikugwa, ndipo ndikapeza mpata ndifunefune kabureta wonga amene ajambula kuseri kwa pepalalo. Ndinatembenuza. Analidi atajambula bwinobwino, ndi rula, kabowo kalikonse pamalo pake. Ndinalira, koma osati chifukwa chowasowa. Ndinali nditalemba masamba atatu kuwauza mmene ndikuvutikira, iwo n'kundiyankha ndi kabureta.

Komabe Loweruka ndinapita ku Ndirande, khadi ya chipani ili m'chikwama, pajatu popanda iyo mumsika sunkalowa. Kumbali ya zitsulo ndinasokonezeka mutu. Anyamata anandizinga, aliyense akuti chomwe ndikufunacho ali nacho, ndipo wina anandiika m'manja chinthu cholemera chadzimbiri. Ndili pafupi kutulutsa ndalama, bambo wina wachikulire wovala chipewa cha nsalu anapempha kuona pepala langa. Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Amene wajambula apayu amaikonda galimoto yake," anatero. "Koma icho mwanyamulacho, mayi, ndi pampu ya madzi."

Amenewo anali a Matola, omwe anapuma ntchito ya njanji. Anali ndi pikapu yofanana ndendende ndi ya adada. Anandiyendetsa msika wonse mpaka tinapeza kabureta weniweni, ndipo ananenerera mtengo mpaka wogulitsayo anayamba kudandaula kuti ana ake agona ndi njala. Kenako ananditengera kwawo kukamwa thobwa. Mayi Matola atamva kuti ndimakhala ndekha, anandilamula kuti Lamulungu lililonse ndizikadya kwawo. Sanali kupempha ayi.

Pabwalo la a Matola ndinapeza zomwe ndinathawa ku Luwinga. Lamulungu masana pankasonkhana azibambo anayi kapena asanu, aliyense ndi pikapu yake yokalamba, maboneti onse ali yasa. Poyamba ndinkakhala ndi Mayi Matola pamkeka. Kenako ndinayamba kupatsira masipanala. Tsiku lina bawuti inagwera pamalo pomwe manja awo akuluakulu sankafika, ndipo anandiitana. Kuyambira pamenepo sindinabwererenso pamkeka. Masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala thalauzi, choncho ndinkakulunga chitenje molimba, n'kuchimanga m'mawondo, n'kulowa pansi pa galimoto. A Matola anandiphunzitsa kumvetsera injini, kudula gasiketi pa katoni, ndipo pambuyo pake kuyendetsa, pabwalo la mpira lopanda anthu. Laisensi ndinatenga chaka chachinayi, koma kwathu sindinauze aliyense, kuopa kuti amama angaleke kugona.

Zitsulo za adada tinkazikulunga m'nyuzipepala zakale. A Matola ankayamba atembenuza tsamba lililonse, kuopa kukulunga chinthu cha girizi ndi nkhope ya mwini dziko. Tikamanga, ndinkapereka kwa kondakitala wina wa ku Nkhata Bay, yemwe ankakasiya ku golosale ya Che Saidi. Pakatha masabata awiri yankho linkabwera. Chafika, chakwana, yewo chomene, tsopano ufunefune chakuti. Kamodzi kokha analemba motalikirapo, kundiuza kuti nyali yafika koma ndi ya kumanzere.

Lero ndikaona ana anga akuimba foni katatu patsiku osanena kanthu kenikeni, ndimakumbukira makalata aja n'kuseka ndekha. Koma nthawi imeneyo sindinkaseka. Ndinkadziona ngati sitolo ya masipeya yomwe adada anatsegula ku Blantyre. Kwathu ndinangopitako kawiri, chifukwa ndalama ya ulendo nthawi zambiri inkasanduka mabuleki kapena rediyeta. Zaka ziwiri zomaliza makalata anayamba kubwera ndi dzanja la amama. Anati magalasi a adada anasweka, ine n'kukhulupirira. Chofunika chinali chimodzi chokha chomwe chinatsala, giyabokosi, ndipo mu Ndirande monse simunkapezeka.

Chaka chachisanu ndi chiwiri kunabwera lamulo loti aphunzitsi ochokera kumpoto abwerere kwawo. Masiku amenewo munthu sunkafunsa chifukwa. A hedimasitala anandipatsa kalatayo akuyang'ana pansi. Ana anga a Sitandade 5 anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo mtsikana wina yemwe ankaseka kwambiri kalankhulidwe kanga anandigwira dzanja n'kunena kuti yewo, madamu. Apo ndiye ndinalephera kudzigwira.

Lamulungu lomaliza, a Matola anandiitanira m'nyumba n'kukoka chinthu chokutidwa ndi chiguduli kuchokera pansi pa bedi lawo. Inali giyabokosi yomwe ankasungira pikapu yawo, ndipo zaka zonsezi sanaitchulepo. Mayi Matola anati ndithandize kuichotsa msanga, chifukwa iwo anatopa kupunthwa nayo chala akamasesa. Ndinagulitsa bedi ndi kabati yanga kuti ndiwalipire, koma a Matola anangotapapo pang'ono, zotsalazo anandibwezera kuti ndidyere panjira. Kudepoti inakwezedwa pamwamba pa basi ndi amuna anayi, kondakitala akufunsa ngati ndikusamutsa chigayo.

Tinafika ku Mzuzu masana a tsiku lotsatira, mawawa akugwa monga mwa nthawi zonse. Amama ndi Che Saidi anali akudikira. Nditafunsa za adada, amama anangoti ndiwapeza kunyumba, n'kuyamba kukamba za mtengo wa shuga.

Ndinawapeza pakhonde, atakhala pampando wa nsungwi. Anali ataonda. Dzanja lawo lamanja linali litagona pamwendo ngati si lawo, ndipo pakamwa panali patapotokera mbali imodzi. Anafa ziwalo zaka ziwiri m'mbuyomo, ndipo palibe anandiuza. Ndinagwada kuwapatsa moni. Anandigwira mutu ndi dzanja lamanzere nthawi yaitali, kenako anafunsa mwapang'onopang'ono ngati chabwera. Ndinati chabwera.

Madzulo ake ndinawapanikiza amama kukhitchini. Ndinawafunsa chifukwa chomwe anandibisira matenda, ndipo mtima utatentha ndinatulutsanso za kale, kuti zaka zisanu ndi ziwiri adada sanandifunsepo n'kamodzi komwe ngati ndikudya kapena ngati ndili ndi anzanga. Amama anapitiriza kusadzula mpiru. Anati za matendazo adada ndiwo analetsa, poopa kuti ndingasiye ntchito. Za makalata anandikumbutsa mnyamata wina wa ku Geisha, mu Mzuzu momwemo, yemwe anatengedwa ndi apolisi chifukwa cha zomwe analembera mchimwene wake. Adada ankakhulupirira kuti makalata amatsegulidwa panjira, ndipo ankati mwana wa kumpoto ali yekha kutali, tisamupatse mafunso oti poyankha angadandaule za zinthu zosayenera kudandaula.

"Za chitsulo palibe angakumangire," anatero amama. "Ndiye phukusi likafika ankati, mwana ali moyo. Wayenda yekha kumsika, ndalama yamutsalirako, ndipo ali ndi anthu omuthandiza kusankha. Tsiku limenelo ankadya bwino."

Anandiuzanso kuti makalata anga ankawerengedwa Loweruka, kuseri kwa nyumba, pamaso pa onse atatu. Sindinakhulupirire mpaka m'mawa mwake, pomwe Che Saidi anandifunsa ngati mwendo wa Mayi Matola unasiya kutupa.

Loweruka litakwana, madoda aja anaima mozungulira giyabokosi ngati akuona mwana wakhanda. Kenako panabuka vuto. A Nyirenda maso anali atafooka, Che Saidi msana sunkawalola kuwerama, ndipo adada anali pampando. Anayamba kukambirana zoitana makaniko wa m'tauni, chinthu chomwe kwa iwo chinali chamanyazi. Ine ndinalowa m'nyumba, n'kumanga chitenje changa cha ku Ndirande, n'kutenga sipanala, n'kukwawira pansi pa pikapu. Patapita kanthawi ndinamva mpando ukukokedwa, ndipo ndodo ya adada inayamba kuloza uku ndi uku. Ndinkawamvera, mpaka pomwe anandiuza kuti ndimange mabawuti.

"Ayi adada," ndinatero ndili pansi pomwepo. "Kilachi iyambe yakhala pakati, apo ayi tidzamasulanso."

Kenako ndinawamva akuuza a Nyirenda m'Chitumbuka, monyadira, kuti mwanayu wakumanya, kutanthauza kuti akudziwa.

Zinatitengera ma Loweruka atatu. Poikweza giyabokosiyo anatithandiza amuna awiri oyandikana nafe, koma mabawuti onse ndinamanga ndekha. Matayala tinapeza akale kwa Che Saidi, batire tinabwereka ya m'pikapu yawo. Sitata inangolira kamodzi n'kukana, ndiye tinagwirizana zokankha. Sindikudziwa kuti mbiri inayenda bwanji, koma pofika masana pakhomo panali podzaza. Azimayi ochokera kumpopi anatula ndowa zawo. M'busa wina wodutsa anaimika njinga n'kupinda malaya. Tinawakweza adada kutsogolo, ine n'kukhala pachiwongolero, amama akufunsa aliyense kuti kodi mwanayu anaphunzira liti zimenezi.

Ulendo woyamba inangotsokomola. Wachiwiri inatulutsa utsi wakuda womwe unabalalitsa nkhuku zonse. Wachitatu, potsetsereka pa kamsewu kopita kumsewu waukulu, ndinaponda kilachi, kuika giya yachiwiri, kusiya kilachiyo, ndipo injini inagwira. Kumbuyo kunamveka nthungululu. Pagalasi ndinaona Che Saidi akuthamanga atagwira kofiya, ataiwala za msana, mpaka anyamata anawakwezera kumbuyo.

Tikulowera m'tauni, ndinawauza adada kuti dzanja likapeza bwino adzaiyendetsa okha. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine? Sindinagwirepo chiwongolero chibadwire," anatero. "Ndinkati ndidzaphunzira ikadzatha kukonzedwa."

Ndinatsala pang'ono kulowa mu ngalande.

Ananditumiza kusukulu ina ya mu Mzuzu momwemo, ndipo pikapuyo inayenda zaka zina zambiri. Inanyamula chinangwa cha amama kuchokera ku Nkhata Bay, akwati, odwala, makwaya, ndipo pamapeto pake inawanyamulanso adada kupita nawo kumanda. Ndinkalemberana ndi a Matola mpaka pomwe anamwalira, ndipo nthawi ina ndinawatumizira pampu ya mafuta yomwe ndinaipeza kuno. Koma tsiku lomwe ndimalikumbukira kwambiri ndi loyamba lija lomwe pikapuyo inayenda. Ndinabwera ndili ndi manyazi, ngati munthu wopirikitsidwa, ndikuganiza kuti kwathu anandiiwala kalekale. Koma pomwe tinkazungulira msika, anthu omwe sindinkawadziwa n'komwe ankakweza manja n'kumafuula kuti ndi uja wa ku Blantyre, wotumiza zitsulo uja. Adada anali atatulutsa chigongono chamanzere pawindo, akugwedeza mutu kwa aliyense ngati bwana wamkulu. Titamaliza kuzungulira ndinawauza kuti petulo watsala pang'ono, tibwerere.

"Zunguliranso kamodzi," anatero. "A telala a mumsikamu sanatione."