Msuka wa Khasu la Bambo

Bambo anga ankasula makasu ku Ludzi. Zitsulo ankazipeza kwa madalaivala a malole paboda ya Mchinji, masipuling'i othyoka, ndipo matenanti a m'maesiteti a fodya ankati khasu la bambo limakalamba ndi mwini wake. Koma chaka chimene ndinapeza mwayi wokaphunzira za zitsulo ku Joni, makasuwo anayamba kuthyoka pamsuka, paja pamalowa mumpini. Anthu anayamba kulambalala chipala chathu.

Tsiku lonyamuka bambo anandipatsa khasu lothyoka atalikulunga m'nyuzipepala. "Makina a kumeneko akakuuze chavuta n'chiyani," anatero. Ine ndi matama anga ndinati mwezi sutha ndisanapeze yankho.

Makinawo ndi maikulosikopu yoona ndi maelekitironi m'malo mwa kuwala. Chitsulo chimaoneka ngati chinthu chimodzi, koma n'timibulu tambirimbiri tothithikana, ndipo m'kambulu kalikonse maatomu anandanda m'mizere, ngati minda yoyandikana imene mwini aliyense anaunga mizere molozetsa kwake. Umadula kachidutswa, kukapendeketsa madigiri 70, n'kukawomba ndi maelekitironi. Ena amanjanja n'kubwerera, koma potuluka mizere ya maatomu ija imawalola kudzera mbali zina zokha. Akagunda kagalasi kapadera pamaoneka tinjira towala todutsanadutsana. Kompyuta imayeza mmene tinjirato tapingasirana, n'kunena kumene kambuluko kalozetsa mizere yake. Ikatero malo ndi malo imajambula mapu, kambulu kalikonse mtundu wakewake.

Ine ndinakwecha kachidutswa kanga ndi sandipepa monga tinkachitira kwathu, mpaka kanachita kung'anima. Nditakaika m'makina, pasikirini panangoti mbuu. Mayi woyang'anira makinawo anandiseka mpaka kugwira tebulo.

"Maelekitironi obwererawa amachokera pakhungu penipeni pa chitsulo," anatero. "Khungulo mwalikandakanda, mizere yonse yasokonekera. Kuwala kokha sikokwanira."

Kuthamanga si kufika. Ndinatha miyezi ndikuphunzira kusalaza ndi nsalu ndi madzi a mankhwala, pang'onopang'ono, kenaka kudikira mzera wa makina chifukwa khasu la ku Ludzi silinali pandandanda wa aliyense. Masiku amenewo ndinkasowa kwathu koopsa. M'chipinda chozizira cha makinawo munalibe fungo la makala, ngakhale kulira kwa nyundo kumene kunkandidzutsa ndili mwana. Tsiku limene tinjira tinatuluka bwinobwino pasikirini, ndinatembenuka kuti ndiitane bambo, n'kupeza kumbuyo kwanga kuli khoma.

Mapu ananena poyera. Kunsonga kwa khasu timibulu tinali ting'onoting'ono, pamsuka tinali tikulutikulu. Izi zinkatanthauza kuti chitsulo chinkakhalitsa pamoto mpaka kupsa mopitirira, n'chifukwa chake chinkathyoka.

Ndinabwerera patatha zaka ziwiri, pepala la mapu lili m'chikwama. Chipala ndinachipeza chozizira, nkhuku ikuikira pamene pankakhala makala. Bambo anali pampando pansi pa mtengo wa mango. Analandira pepalalo chozondotsa, n'kumalisisita ndi chala. Ndipamene ndinaona kuti maso awo onse awiri ayera ndi ng'ala.

Ndinawafotokozera zonse, za timibulu, za tinjira, za moto. Anamvetsera osandidula mawu.

"Zimenezo ndinkazidziwa," anatero. "Wosula amayang'ana kufiira kwa chitsulo ndiye n'kuchichotsa pamoto. Ine kufiirako ndinasiya kukuona bwino iwe usananyamuke."

"Nanga munanditumiranji, bambo?"

"Ambiri apita ku Joni, mwana wanga. Amene sanatumidwe kanthu sitinawaonenso."

Ndinakhala pansi pambali pa mpando wawo, iwo n'kundiuza kuti ndiwatchulire mitundu ya pamapupo umodziumodzi. Ndinatchula mpaka inatha, anati ndiyambirenso. Anatisiya mvula yotsatira isanagwe, ndipo mpaka lero ndimalakalaka ndikanabwerako chaka choyamba chomwe, wopanda yankho, maso awo akadali kundizindikira.