Uthenga umene bwana anandisungira

Bambo amene ndinkawasamalira ku Al Mankhool, dera la mzinda wina wa kunja kwa dziko lathu, anali okalamba zedi, mawondo atatha, koma pakamwa pokha pali pa sajeni. Unyamata wawo wonse anauthera m'sitima yankhondo ya pansi pa madzi, zija zimamira dala n'kukhala masabata osaona dzuwa. Mwana wawo wamkazi, amene anandilemba ntchito, korona inamutsekera kunja kumene anapita kukaona ana ake. Ndiye m'fulatimo tinatsala awiri, ine ndi bwana.

Tsiku limene anatseka mzinda, iwo anakhoma chitseko n'kundiuza kuti tamira. Ankanena osaseka. Kuyambira pamenepo ine ndinali msilikali wawo. Madzi ali mbwee pampopi, koma kusamba ndi kandowa kamodzi, chifukwa m'sitima mwawo munthu ankalandira kapu imodzi ya kumaso ndi mano omwe. Buledi akachita nkhungu, ati dula m'mbalimo, pakatipo n'chakudya. Masana alionse panali ola la chete: wailesi zii, patapata vula, yenda ndi masokosi. Ndikagwetsa supuni ankandiyang'ana ngati ndapha munthu, ati pansi pa nyanja supuni imodzi imamveka kwa adani ndipo anthu onse amafera supuni imeneyo. Adani ake ati pa nsanjika yachisanu ndi chimodzi? Oyandikana nafe ankangokazinga anyezi wawo mwamtendere.

Sindinama, nkhani zawo zina zinkandikoma. Ankati bedi limodzi ankagonapo anthu awiri mosinthana, wina akadzuka kupita ku ntchito mnzake n'kulowa pofunda pomwepo, thukuta lisanaume. Ankati mpweya ukayamba kutha, machesi ankakana kuyaka ndipo mutu unkalemera ngati wanyamula mtolo. Akabwerera kunyumba, akazi awo ankawavulira zovala pakhomo chifukwa cha fungo la dizilo. Ine ndinkamvetsera ndikusenda mbatata, n'kumati abale, anthu amadzifunira okha mavuto.

Tsiku lina ndikusita malaya awo anandiuza za mwambo wina. Sitima isananyamuke, munthu aliyense ankafunsidwa kuti kunyumba kukagwa zovuta, akufuna auzidwe ali pansi pa madzi kapena adikire mpaka avuuke. Ambiri ankasankha kudikira, poti sitima sibwerera chifukwa cha maliro, ndipo munthu wolira amatsegula mpopi wolakwika n'kumiza anzake. Uthenga ukafika, kaputeni ankautsekera m'kabati. Iwo eni ake mwana wawo woyamba anamwalira iwo ali paulendo, anamva patatha masiku ambiri, ndipo ati anamuthokoza kaputeniyo. Kenako anandifunsa kuti ine bwenzi nditasankha chiyani.

Maso anga anali pa kolala kuti ndisawotche. Ndinayankha mmene umayankhira munthu wamkulu kuti nkhani ithe.

"Bola kudikira, bwana."

Pakamwa panga ine. Mpaka lero ndimafuna kudzimenya mbama.

Nthawi imeneyo mayi anga ku Balaka ankadwala shuga, mwendo utatupa. Moyo wanga wonse unali pa foni. Ndiye sabata yachiwiri foniyo inagwera m'ndowa yokolopera, basi, yafa, ndipo timashopu tokonza mafoni tonse tinali totseka. Ndinapempha bwana kuti nditumize nambala yawo kwa achimwene anga amene ankadwazika mayi. Anavomera, koma ndi lamulo: foni yawo sigwiridwa ndi wina aliyense, kuopa kachilombo. Mmawa uliwonse ankandiwerengera zimene achimwene alemba m'Chingerezi, kenako n'kuigwira foniyo chapatali, ine ndikuyankhula nditaima pakhomo la khitchini. Mayi mwadzuka bwanji, mankhwala mukumwa, musadye zotsekemera. Iwo n'kudina, n'kunena kuti uthenga wa mawuwo wapita.

Zinayenda choncho kwa kanthawi. Kenako mmawa wina anati palibe uthenga. Mawa lake palibe. Ndinkati ndi magetsi a kwathu, kapena achimwene asowa mayunitsi. Ndinapitiriza kuima pakhomo paja n'kumapereka moni, iwo atagwira foni, nkhope ili gwa. Anasiya kundikalipira za supuni. Tsiku lina mpaka anandilola kusamba ndowa ziwiri, ine n'kumati kodi madala alapa? Ndinaimba nyimbo za kwaya m'bafa. Ndinadziluka tsitsi pagalasi. Lamlungu lina ndinaphika nkhuku n'kudya mpaka kunyambita zala, ndipo pambuyo pake nditawerenga masiku, ndinapeza kuti limenelo ndilo tsiku limene anaika mayi anga m'manda.

Patatha masabata atatu anayamba kulola anthu kutuluka. Ndinavala masiki n'kuthamangira kwa mkulu wina wokonza mafoni kuseri kwa nyumba yathu. Anaitsegula, kuipukuta, kusintha kena kake, n'kuiyatsa. Inayamba kunjenjemera m'manja mwanga osasiya. Uthenga woyamba unali wa mayi wina wa kutchalitchi amene amagwira ntchito ku Al Qusais, mumzinda momwemo: pepani ndi zovutazi. Wachiwiri pepani. Wachitatu chithunzi cha bokosi, azakhali anga atagwira nkhata. Ndinakhala pansi pamsewu pomwepo, simenti ikuotcha, anthu akundilambalala chapatali poganiza kuti ndi korona.

Sindikumbuka mmene ndinakwerera masitepe. Bwana ndinawapeza pampando wawo akuwerenga. Atandiona anavula magalasi, n'kuimirira ndi mawondo awo otha aja, manja m'mbali ngati ali pa perete. Anati akupepesa chifukwa cha imfa ya mayi anga, uthenga unafika tsiku lakuti, ndipo anausunga monga mmene ndinasankhira. Ndege sizinkauluka, ati, sindikanapita. Ndikanangolira m'chipinda chotseka popanda wondigwira, n'kudwala, ndipo tonse awiri tikanamira. Moni wanga wa masiku opanda uthenga aja sanatumize ngakhale mmodzi, poti achimwene akanayankha ndipo ine ndikanamva. Iwonso sanawayankhe chilichonse.

"Ndinasankha liti? Ndinkasita malaya anu!"

"Ndinakufunsa, unayankha. M'sitima sitifunsa kawiri."

Sanaone cholakwa. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chimenecho. Akanakhala munthu woipa bwenzi nditangowatukwana n'kupepukidwa. Koma iwo ankadikira zikomo, ngati amene anapereka kwa kaputeni wawo. Ndinawauza kuti ino si sitima, ndi fulati ya lendi, ndipo ine si msilikali, ndine mwana wa munthu. Kwathu maliro sasungidwa m'kabati. Munthu ngakhale uli kutali umavula nsapato, umakhala pansi, anzako amabwera kapena kukuimbira, umalira tsiku lomwe ena akulira. Iwo anandidyetsa nkhuku.

Ndinakatenga chitenje, ndinakankha tebulo la pabalaza, n'kukhala pansi miyendo tambalale. Inali nthawi ya ola lawo la chete. Ndinalira maliro a kwathu enieni, oitana mayi, mawu onse. Oyandikana nafe anagogoda, sindinasiye. Adani amve, abwere atiphulitse. Bwana anangoima pakona, akugwira mpando.

Mawu atandithera ndinatambasula dzanja n'kunena kuti andipatse foni yawo. Anayang'ana dzanja langa, anayang'ana botolo la sanitaiza, kenako anandipatsa.

Mauthenga a achimwene anali ndondondo, onse atachongedwa kuti awerengedwa. Oyamba sanali a maliro ayi. Anali a masiku awiri mayi asanamwalire: mayi afooka, akufuna amve mawu ako, yankha lero. Ndiye kuti bwana anayamba kutseka kabati mayi akadali moyo. Pakati pake panali uthenga umodzi wa mawu umene sanautsegule. Ndinaudina. Kunamveka mbale za kuchipatala, kenako mayi anga, mawu ang'onoang'ono, akupuma movutika.

"Iwe, achimwene ako akuti uthenga ukufika ndipo ukuwerenga. Nanga wakhaliranji chete? Ngati ndinakulakwira, mwana wanga, unene ndikadali pano."

Ndinaumvera katatu. Bwana sankamva Chichewa, koma anaona nkhope yanga. Anakhala pansi pang'onopang'ono, pakapeti pomwepo, munthu amene sankatha kuwerama kuti amange nsapato. Anandifunsa motsitsa kuti mayiwo akuti chiyani.

Ndinatumiza uthengawo ku foni yanga, n'kuufufuta pa yawo, n'kuwabwezera.

"Ndidzakuuzani tikavuuka, bwana."

Ndinakhala nawo miyezi ina isanu mpaka mwana wawo atabwera. Ndinkawasambitsa, kuwaphikira, kuwapatsa mankhwala pa nthawi yake. Mmawa uliwonse ankandifunsa za uthenga uja, ndipo mmawa uliwonse ndinkawauza kuti palibe.